Mafunso Anu pa Zagalimoto: Matayala Ati Oyenera Galimoto Yothamanga Kuno Kum'mawa?

Makalata ambiri a mwezi uno akukamba za chinthu chimodzi, matayala a magalimoto othamanga aja otsika pansi amene achuluka m'tauni ya Chipata: Toyota 86, Altezza, Mark X, Subaru, Golf GTI ndi BMW. Poti mvula yayandikira, tasankhapo makalata asanu ndi imodzi kuti tiwayankhe mokwanira.

FUNSO: Ndili ndi Toyota 86 ya 2013. Matayala ake ndi 215/45R17 ndipo onse anayi atsala pang'ono kutha. Ndimapita ku Lusaka kawiri pamwezi. Kumeneko andionetsa Michelin Pilot Sport 5, Bridgestone Potenza, Kumho Ecsta ndi ena a ku China amene mtengo wake sufika ndi theka lomwe la Michelin. Wogulitsa aliyense akutama ake. Nditenge ati? (Bambo wa ku Kalongwezi, Chipata)

YANKHO: Mwachita bwino bambo kufunsa musanalipire. Tiyambe ndi dzina, chifukwa ndi pomwe ogula ambiri amasokerera. Michelin, Bridgestone kapena Kumho ndi chiwongo chabe, monga kunena kuti Phiri kapena Banda, ndipo m'nyumba imodzi mumabadwa ana osiyana makhalidwe. Kwa Michelin kuli Primacy, tayala lopangidwira kuyenda mwakachetechete ndi kukhalitsa, ndiye kuli Pilot Sport, lopangidwira kugwira msewu pokhota ndi poponda buleki. Kwa Bridgestone kuli Ecopia ndi Turanza mbali iyi, Potenza mbali inayo. Goodyear ali ndi Eagle F1, Pirelli ali ndi P Zero, Continental ali ndi SportContact, Hankook ali ndi Ventus, Kumho ali ndi Ecsta, Falken ali ndi Azenis, Yokohama ali ndi Advan, Toyo ali ndi Proxes. Mayina achiwiriwa ndiwo oyenera galimoto ngati yanu. Wogulitsa akangoti "iyi ndi Bridgestone" n'kulekera pomwepo, mufunseni kuti Bridgestone iti.

Galimoto yanuyo inatuluka m'fakitale itavala Michelin Primacy HP, 215/45R17 87W, tayala lomwe silinali la mpikisano ayi. Opanga anachita dala kuti kumbuyo kuziterereka mosavuta, pokondweretsa anthu oseweretsa galimoto pabwalo. Inu simuyenda pabwalo. Mumayenda pa Great East Road, makilomita pafupifupi 570, limodzi ndi malole, njinga, ngolo ndi mbuzi, ndipo 86 imakankhidwa ndi matayala akumbuyo. Tayala labwino la m'gulu la Pilot Sport lidzaikhazikitsa galimotoyo kuposa mmene inabwerera.

Manambala ali m'mbali mwa tayalawo muwadziwe bwino musanalowe m'sitolo. 215 ndi m'lifupi mwa tayala, m'mamilimita. 45 akunena kuti khoma lam'mbali ndi lotalika magawo 45 pa magawo 100 a m'lifupimo, ndiye kuti mamilimita pafupifupi 97. 17 ndi kukula kwa limu m'mainchesi. 87 ndi katundu amene tayala limodzi lingasenze, makilogalamu 545, ndipo W ndi liwiro lomwe linayesedwa kupirira, makilomita 270 pa ola. Pa ziwiri zomalizazi musatsike. Kukwera kulibe vuto: mukapeza lolembedwa 91Y XL, ndiye kuti limasenza makilogalamu 615 ndipo linayesedwa mpaka 300. Ena amati, "Ine sindifika 270, W ndi wa chiyani?" Chilembocho chimatiuzanso mmene tayala limapiririra kutentha. Mu October, phula la m'chigwa cha Luangwa likamachita kuotcha phazi, tayala la H, la 210, limagwira ntchito pafupi ndi malire ake kuposa la W, ngakhale onse awiri akuyenda pa 100.

Tsono kwa anayi amene mwaonetsedwawo. Pilot Sport mbiri yake ndi yoti limagwira bwino pouma ndi ponyowa pomwe, komanso silitha msanga poyerekeza ndi anzake a m'gulu lomwelo. Potenza khoma lake ndi lolimba, chiwongolero chimayankha msanga mukangochikhudza, koma mahampu ndi zigamba za pamsewu mudzazimva m'chiuno. Kumho Ecsta ali m'gulu lapakati limodzi ndi Hankook Ventus ndi Falken Azenis. Gulu limeneli anthu amalipeputsa pachabe. Poyenda tsiku ndi tsiku, dalaivala wamba sangasiyanitse ndi aja apamwamba, ndipo mtengo wake umalola munthu kugula onse anayi tsiku limodzi.

A ku China aja si onse oipa. Makampani ngati Sailun, Linglong ndi Triangle ndi aakulu ndipo akhala akukonza katundu wawo chaka ndi chaka. Vuto ndi lakuti pamsewu wouma tayala lililonse latsopano limaoneka labwino. Kusiyana kumaonekera mvula ikagwa, mwana akadumphira pamsewu pa Sinda inu n'kuponda buleki mwamphamvu. Matayala ogulitsidwa ku Ulaya amakhala ndi chikalata chosonyeza mmene amagwirira ponyowa, kuyambira A mpaka E. Okonza chikalatacho anawerengera kuti pakati pa lapamwamba ndi lotsikitsitsa, galimoto yoyenda pa 80 ingasiyane poimira ndi mamita okwana 18. Amenewo ndi magalimoto anayi ngati yanu atandandalikidwa mutu ndi mchira. Chikalatacho chikakhala kuti palibe pa tayala, lembani dzina lake lonse ndi saizi pa intaneti, mudzachipeza. Pa galimoto yothamanga tengani A, kapena B ngati thumba lakana. Tayala lomwe dzina lake silikupezeka paliponse, lisiyeni pomwepo.

Pali funso lina lomwe ogula a kuno amaiwala, koma kwa ife ndi lalikulu kuposa dzina. Dzenje likakuphulitsirani tayala limodzi pa Nyimba patatha miyezi itatu, kodi mudzalipeza lina lofanana nalo? Funsani wogulitsa ngati mtundu umenewo pa saizi imeneyo amakhala nawo nthawi zonse, kapena unangobwera kamodzi. Tayala lapamwamba lomwe mnzake sapezeka m'dziko muno lidzakukakamizani kugula awiri pamene lawonongeka limodzi, kapena kusakaniza mitundu pa ekiselo imodzi, chimene n'choipa kwambiri pa galimoto yokankhidwa ndi akumbuyo.

Yankho lathu ndi ili. Ngati ndalama zikukwana anayi a Pilot Sport 5 popanda kukongola, tengani amenewo, chifukwa ulendo wanu ndi wautali ndipo mtengo mukaugawa ndi makilomita amene adzayende sudzakhala woopsa monga ukuonekera lero. Ngati zikukwana awiri okha, musagule Michelin awiri n'kudzaziramo ena otchipa. Tengani Kumho anayi atsopano.

Tsiku lovalikalo khalani pomwepo muziona. Mavavu asinthidwe onse anayi, chifukwa mphira wake umakalamba ngati wa tayala. Pilot Sport ndi anzake ambiri ali ndi mbali yolembedwa OUTSIDE, imeneyo iyang'ane kunja. Ena ali ndi muvi wolembedwa ROTATION, umenewo uloze kumene gudumu limazungulira galimoto ikamapita kutsogolo. Likavekedwa chotembenuza, ngalande zake sizitaya madzi mmene zinapangidwira. Achite balancing (kulinganiza kulemera kwa gudumu) pa gudumu lililonse, kenako alignment (kuwongola kaimidwe ka magudumu) ya magudumu onse anayi, osati akutsogolo okha. Manati amangidwe ndi sipanala yoyezera mphamvu pa 120 Nm, osati ndi chimfuti cha mpweya chokha, chomwe chimakoka maboliti mpaka kuduka. Mpweya wa 86 ndi 240 kPa kutsogolo ndi kumbuyo, monga palembedwa pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala. Makilomita 300 oyamba yendani modekha, tayala latsopano limakhala loterera pang'ono kufikira litakwechesa khungu la m'fakitale.

FUNSO: Subaru Impreza WRX yanga yangofika kumene kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam. Yabwera ndi Bridgestone Blizzak onse anayi, mano ake akadali ataliatali. Mnzanga akuti ndachita mwayi poti Bridgestone ndi kampani yabwino. Koma pokhota galimoto ikumveka ngati ikusambira. Chavuta n'chiyani? (Wowerenga wa ku Petauke)

YANKHO: Achimwene, kampani ndi yabwinodi, koma tayala limenelo si la kuno. Blizzak ndi la nyengo yozizira, lopangidwira chipale chofewa ndi madzi oundana. Anzake ndi Yokohama iceGUARD ndi Dunlop Winter Maxx, ndipo magalimoto ambiri ochokera ku Japan amabwera atavala amenewa. Yang'anani m'mbali: mudzaona mawu akuti STUDLESS, kapena kachithunzi ka phiri la nsonga zitatu. Yang'ananinso pamano. Dzino lililonse lili ndi timing'alu tambirimbiri tokhotakhota, ndipo mukalikanikiza ndi chala chachikulu limapindika ngati chofufutira cha mwana wasukulu.

Kufewa kumeneko ndiko kukuchititsa galimoto kusambira. Mphira wake unapangidwa kuti usaume kukazizira kwambiri, ndiye pa phula lotentha la Petauke umafeweratu. Mano amagona pansi pokhota, buleki imatalika, ndipo amadyeka msanga. Ambiri a iwo chilembo chawo cha liwiro ndi Q, makilomita 160 pa ola, chotsika kwambiri kwa WRX. Musaganizenso kuti poti ndi a kozizira ndiye kuti mvula amaidziwa. Pamsewu wonyowa nyengo yotentha amaima mochedwa kuposa tayala wamba. Achotseni mvula isanayambe.

Pogula ena kumbukirani kuti Subaru yanu imakoka ndi magudumu onse anayi. Pakati pa galimoto pali chida chogawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo chimayembekezera kuti magudumu onse azizungulira mofanana. Tayala limodzi likakhala lalikulu pang'ono kuposa anzake, kaya chifukwa ndi latsopano kaya ndi la kampani ina, chidacho chimagwira ntchito ulendo wonse osapuma, chimatentha, ndipo pamapeto pake chimawonongeka. Kuchikonza n'kodula kuposa matayala. Choncho anayi onse akhale a kampani imodzi, dzina limodzi, saizi imodzi, ndipo kuzama kwa mano kusasiyane kupitirira mamilimita awiri. Muziwasinthanitsa malo pa makilomita 8,000 mpaka 10,000 alionse kuti azitha limodzi.

FUNSO: Ndinachotsa malimu a 16 pa Mark X yanga n'kuika a 19 ndi matayala a 245/35R19. Chaka chisanathe, atatu atuluka zotupa m'mbali ndipo limu limodzi lapindika. Ndimayenda pakati pa Chipata ndi Lundazi. Kodi ndi kampani iti imapanga tayala lolimba loti silingatupe? (Mnyamata wa ku Lundazi)

YANKHO: Palibe kampani imeneyo, achimwene, ndipo tikakutchulirani dzina tikhala tikukutayitsani ndalama kachiwiri. Vuto lili pa nambala 35.

Tiwerengere limodzi. Tayala lomwe Mark X yambiri imabwera nalo ndi 215/60R16. Khoma lake ndi mamilimita 129. La 245/35R19 khoma lake ndi mamilimita 86 okha. Mwachotsa mamilimita opitirira 40 a mphira ndi mpweya amene amaima pakati pa limu ndi m'mphepete mwa dzenje. Gudumu likagwa m'dzenje pa liwiro, khoma limapanikizika mpaka limu kukhudza phula, ndipo ulusi wa m'kati mwa khomamo umaduka ngati wadulidwa ndi sizasi. Kunja simuona kanthu tsiku lomwelo. Patapita masiku, mpweya umakankha mphira pamalo pomwe ulusi unadukapo, n'kutuluka chotupa chonga dzira. Chotupa chimenecho sichimatidwa, sichiwotchedwa, ndipo kuchitembenuzira m'kati kuti chisaoneke sikuchichiritsa. Tayala lotero lingaphulike nthawi iliyonse. Atatu anuwo achoke lero.

Mark X ina inkatuluka m'fakitale ndi malimu a 18, pa 225/45R18 kapena 235/45R18 malinga ndi chaka chake, ndipo khoma lake limaposa mamilimita 100. Pamenepo ndiye pothera. Pa msewu wanuwo ife tingasankhe 17 kapena kubwerera ku 16 komweko. Mukamasintha saizi onetsetsani kuti kutalika kwa gudumu lonse sikukusiyana ndi koyamba kupitirira magawo 3 pa 100, kuopa kuti geji ya liwiro ingamaname ndipo tayala lingamakhule m'madigadi. Ena amene ali ndi mabuleki akuluakulu ayambe ayesa limu laling'onolo kutsogolo, aone ngati silikukhudza chogwirira mabuleki.

Ngati malimu a 19 simungathe kuwasiya, pali zochepetsera vuto koma osati kulithetsa. Gulani matayala olembedwa XL kapena Extra Load, amene mkati mwake ndi molimbitsidwa. Sankhani okhala ndi mlomo wa mphira wotchinga m'mphepete mwa limu. Koposa zonse samalani mpweya, chifukwa tayala la khoma lalifupi silionetsa ndi maso kuti laphwa. Likhoza kutaya theka la mpweya koma n'kumaonekabe bwinobwino, ndipo lophwa ndilo limapanika msanga m'dzenje. Gulani geji yanuyanu, muziyeza m'mawa galimoto isanayende, milungu iwiri iliyonse. Mukayeza mutayenda ulendo mudzapeza mpweya utakwera ndi 20 kapena 30 kPa. Musauphwetse, ndi kutentha chabe, ukazizira ubwerera. Mukaona dzenje mochedwa, pondani buleki musanalifike koma muisiye gudumu lisanalowemo, chifukwa buleki imaunjika kulemera konse pa matayala akutsogolo pa nthawi yomwe akugunda.

Limu lopindikalo likayezedwe pa makina. Ngati lili ndi mng'alu, lisawotcheredwe, litayidwe. Ndipo ngati galimotoyo munaitsitsanso ndi masipiring'i afupiafupi, pisani dzanja kuseri kwa tayala mukhudze phewa lam'kati. Kawirikawiri kumeneko kumatha mpaka mawaya pamene kunja kukuoneka kwatsopano.

FUNSO: Kumsika ndapeza Pirelli P Zero a salaula, mano akadalipo ndithu, pa mtengo wofanana ndi tayala latsopano la ku China. Chanzeru n'chiti pa Altezza? (Wowerenga wa ku Kapata, Chipata)

YANKHO: Musanayang'ane dzina kapena mano, funani tsiku lobadwa. M'mbali mwa tayala muli mzere woyamba ndi zilembo DOT, ndipo kumapeto kwake kuli manambala anayi. Awiri oyamba ndi mlungu, awiri omaliza ndi chaka: 2319 ndiye kuti mlungu wa 23 m'chaka cha 2019. Nthawi zambiri manambalawa amakhala mbali imodzi yokha, choncho litembenuzeni. Mphira umauma ndi zaka ngakhale tayala lisakuyenda, ndipo dzuwa lathu limaufulumizitsa. Michelin amalangiza kuti tayala likakwana zaka zisanu liziunikidwa chaka chilichonse, ndipo likakwana zaka khumi lichoke ngakhale likuoneka bwino. P Zero wa zaka zisanu ndi ziwiri dzina akadali nalo, koma mphira womata msewu uja, umene munthu amalipirira, unauma kale.

Chachiwiri, simudziwa chimene chinalichotsetsa pa galimoto yoyamba. Ngati mukufunabe kuliona, lionereni lisanavekedwe. Lowetsani mutu ndi tochi m'kati. Mukapeza ufa wakuda wa mphira kapena mzere wamakwinya wozungulira khoma, linayendetsedwapo lili lophwa ndipo ulusi wake unapsa. Mukapeza chigamba pa phewa kapena pakhoma, lisiyeni, chifukwa malo ololedwa kumata ndi pakati pa mano pokha, pa bowo losapitirira mamilimita 6. Tambasulani ngalande ndi zala muone ngati pansi pake pali timing'alu. Onani mkombero umene umagwira limu ngati sunang'ambike. Chenjeraninso ndi matayala osemedwa, amene ngalande zake zinazamitsidwa ndi mpeni wamoto kuti aoneke atsopano. Mudzawadziwa poti ngalandezo sizikhala zosalala ndipo timilatho tating'ono ta pansi pa ngalande, tosonyeza kutha, timakhala titachotsedwa. Tayala la galimoto yaing'ono silinapangidwe kuti lisemedwe.

Werengeraninso chimene mukugula. Tayala latsopano limakhala ndi mano a mamilimita 7 kapena 8. Timilatho tija tili pa 1.6, koma pamvula tayala limayamba kuyandama pamadzi likatsika pa 3. La salaula la mamilimita 5 ndiye kuti mwagula mamilimita awiri okha othandiza, pamene latsopano likupatsani anayi kapena asanu pa ndalama yomweyo. Pa ziwiri mwatchulazi, tengani latsopano, bola likhale la kampani yodziwika, la chaka chino kapena chatha, logwira ponyowa pa B kapena kuposa, ndipo chilembo cha liwiro chisatsike pa chimene Toyota analemba pachitseko.

FUNSO: Ndili ndi BMW 320i ya 2008 yomwe ilibe sipeya. Matayala awiri akumbuyo atha. Amakanika akuti ndi a run-flat ndipo ndi odula. Ndingaike wamba kumbuyo n'kusiya a run-flat kutsogolo? (Mayi wa ku Katete)

YANKHO: Ayi amayi, musasakanize. Run-flat khoma lake ndi lochindikala kwambiri, kuti likaphwa muthe kuyendabe makilomita pafupifupi 80 pa liwiro losapitirira 80. Tayala wamba khoma lake ndi lofewa. Mukaika olimba kutsogolo ndi ofewa kumbuyo, kutsogolo kumakhota msanga pamene kumbuyo kukutsatira mochedwa, ndipo mukazemba chinthu mwadzidzidzi galimoto imagwedeza mchira.

Njira zilipo ziwiri. Mugule run-flat awiri ofanana ndi amene ali kutsogolo, kapena muchotse onse anayi n'kuika wamba. Kwa munthu wa ku Katete ife tingasankhe yachiwiri. Makilomita 80 aja ndi othandiza kwa wokhala mumzinda momwe sitolo ili pafupi, koma run-flat wa saizi yanu angafune kuitanitsa ku Lusaka, ndipo likayendetsedwa lophwa nthawi zambiri silimatidwanso. Matayala wamba amapezeka msanga, ndi otsikirapo mtengo, komanso galimoto imafewa pa mahampu. Koma mukatero mugule gudumu la sipeya lokwana BMW, jeke, sipanala ya maboliti ndi kapampu ka magetsi, zikhale m'buti nthawi zonse. Onaninso pachitseko ngati saizi ya kumbuyo ili yofanana ndi ya kutsogolo, chifukwa BMW zina zimavala otakata kumbuyo, ndipo zoterozo matayala ake sasinthanitsidwa malo. Mukatha kuvala ndi kupopa, yambitsaninso kachipangizo ka pa dashibodi kochenjeza za mpweya, kuti kaphunzire matayala atsopanowo.

Kwa owerenga ena amene akugula awiri okha pa galimoto ya saizi imodzi, monga Golf GTI: atsopanowo apite kumbuyo, ngakhale galimotoyo imakoka ndi akutsogolo. Kutsogolo kukaterereka dalaivala amamva m'manja n'kuchepetsa liwiro. Kumbuyo kukaterereka pamadzi galimoto imazungulira iye asanadziwe.

FUNSO: Ndaona pa YouTube kuti Toyo Proxes R888R ndi Yokohama Advan A052 amagwira msewu kuposa ena onse. Ndikufuna kuitanitsa ku Johannesburg kuti ndiike pa Nissan 350Z. Mukuti bwanji? (Wowerenga wa ku Chipata)

YANKHO: Amagwiradi, koma pa phula louma, loyera, iwo atatenthedwa kale, monga zimakhalira pabwalo la mpikisano. Aoneni pachithunzi: ngalande zake ndi zochepa ndiponso zosazama, kuti mphira wambiri ukhudze pansi. Ngalandezo ndizo zimataya madzi. Mvula ya January ikadzaza tinjira ta malole pamsewu, tayala lotere limakwera pamwamba pa madzi, chiwongolero n'kupepuka m'manja, buleki osagwira. Mchenga ndi timiyala ta m'mphepete mwa msewu nazonso sagwirizana nazo. Pa kutha, onani nambala yosonyeza kukhalitsa kwa tayala (ikakula ndiye kuti limakhalitsa), ya TREADWEAR, m'mbali: R888R ndi 100, A052 ndi 200, pamene Michelin Pilot Sport 4S ndi 300. Nambalayi kampani iliyonse imadziyezera yokha, choncho si yoyerekezera ndendende, koma ikukuuzani kuti mphira wotero sukhalitsa pa maulendo a tsiku ndi tsiku.

350Z ndi yamphamvu, yokankhidwa ndi akumbuyo, ndipo imavala saizi ziwiri: pa malimu a 18 ndi 225/45R18 kutsogolo ndi 245/45R18 kumbuyo. Funani dzina limodzi lomwe likupezeka pa masaizi onse awiriwo, monga Pilot Sport, Eagle F1, Ventus kapena Azenis, kuti kutsogolo ndi kumbuyo zizigwira mofanana. Akumbuyo adzatha msanga kuposa akutsogolo ndipo simungawasinthanitse, choncho poitanitsa funsani wogulitsayo ngati 245/45R18 ya dzina lomwelo adzakhala nayo mukadzaifuna, ndipo akutumizireni chithunzi cha manambala a DOT a tayala lililonse musanatumize ndalama.